ZA M'THUMBA NDI ZA PAKHOMO: Msika Wasamukira M'foni

Msika umene makolo athu anaudziwa unali ndi malo ake ndi tsiku lake. Wogula anali kulawira m'mamawa, nafika pamaso pa wogulitsa, nagwira katundu ndi manja ake, nanenerera mtengo, ndipo potsiriza napempha mbasela. Nsomba ikapezeka yoola atafika kunyumba, iye anadziwa thebulo lobwererako mawa lake, ndipo wogulitsa nayenso anadziwa kuti mbiri yake idzamveka pacitsime dzuwa lisanalowe. Msika wotero ukalipo, ku Soweto mu Lusaka, ku Kapata mu Chipata ndi m'mbali mwa mseu waukulu wa Kum'mawa. Koma pambali pake pamera msika wina wopanda denga, wopanda tsiku lopuma, umene munthu alowamo ali cigonere pamphasa, foni ili m'manja.

Mwezi uno tikambirane za msika umenewu. Nkhaniyi si ya anyamata a m'tauni okha ai. Ikhudza mai amene asoka madiresi ku Petauke, bambo amene wasunga ndalama zaka zinai kuti agule galimoto, ndiponso mwana wa sukulu amene atumiza ndalama ya mayeso kwa munthu amene sanamuonepo cifukwa ca cithunzi ca nsapato. Banja lingapindule nao msika uwu, lingathenso kutayiramo thukuta la caka conse m'kamphindi. Motero ndi bwino kudziwa kumene unacokera, m'mene uyendera, ndi kumene ukulowera.

Kumene unayambira

Mu Novembala 1994 dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti kudzera pa Yunivesite ya Zambia ndi kampani yake ya ZAMNET, ndipo linali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kucita tero. Caka comweco, ku America, Jeff Bezos anayambitsa kampani ya Amazon pafupi ndi mzinda wa Seattle, ndipo mu Julayi 1995 inayamba kugulitsa mabuku. Anasankha mabuku cifukwa mitundu yake ndi yocuruka kotero kuti palibe sitolo ya njerwa imene ingaisunge yonse, ndiponso buku siliola panjira. Mu Seputembala caka comweco ca 1995, Pierre Omidyar anatsegula malo ena amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti eBay. Iye analibe nkhokwe ya katundu. Anangopatsa anthu wamba bwalo loti azigulitsana okhaokha, wopereka mtengo wokwera ndiye atenge cinthuco.

Ku China, mphunzitsi wa Cingerezi dzina lake Jack Ma anasonkhanitsa anzake m'nyumba yake ku Hangzhou mu 1999 nayambitsa Alibaba, kuti mafakitale ang'onoang'ono a kwao apeze ogula a kunja. Mu 2003 anaonjezapo Taobao, bwalo la anthu wamba a m'dzikomo, ndipo mu 2010 anatsegula AliExpress, imene itumiza katundu mmodzimmodzi kwa ogula a maiko ena.

Njira ziwirizi, ya sitolo ndi ya bwalo, zinayenda pamodzi kwa kanthawi, koma ya bwalo ndiyo inakula koposa. Amazon yomwe inatsegula zitseko zake kwa amalonda ena m'caka ca 2000, ndipo lero pa zinthu 10 zilizonse zogulidwa kumeneko, pafupifupi 6 ndi za amalonda odziimira paokha, osati za Amazon. Ici ndico cinthu coyamba coti tigwire: makampani akuluakulu a malonda a pa intaneti alemera kwenikweni cifukwa cokhala eni bwalo.

Mwini bwalo ndiye adya bwino

Khonsolo sigulitsa tomato kapena kapenta. Imanga msika, nilandira msonkho kwa aliyense woyala malonda ake m'menemo. Eni mabwalo a pa intaneti acita cimodzimodzi, koma mphamvu zao ziposa za khonsolo m'njira zinai.

Poyamba, msonkho wao sukhala wa tsiku, koma gawo la mtengo wa cinthu ciliconse cogulidwa. Pa Amazon gawoli likhala pakati pa 8 ndi 15 pa 100 pa katundu wambiri. Wogulitsa akafuna kuti kampaniyo imsungire katundu ndi kumtumizira kwa ogula, monga inayambira kucita mu 2006, alipiranso padera.

Caciwiri, mwini bwalo ndiye asankha amene aonekere pacipata ndi amene akhale kumbuyo kwenikweni. Munthu akafunafuna nsapato, foni imuonetsa mndandanda wautali, koma ambiri agula kwa iwo amene ali pamwamba. Kuti akhale pamwambapo, wamalonda alipira ndalama ya kulengeza, ndipo ndalama imeneyi potsiriza ilowa m'mtengo umene inu ogula mupereka.

Cacitatu, mwini bwalo aona zonse. Adziwa cimene munafunafuna usiku, cimene munayang'ana kawiri osagula, ndi mtengo umene unakubwezani. Wogulitsa sadziwa zimenezi, ndipo nthawi zambiri wogula amene anamtumikira bwino sakhala kasitomala wake, akhala kasitomala wa bwalo.

Cacinai, mwini bwalo angathe kutseka thebulo la munthu usiku umodzi, kapena kusintha malamulo popanda kufunsa. Wamalonda amene anaika moyo wake wonse pa bwalo limodzi ali ngati mlimi wolima munda wobwereka, amene mwini wake angaufune cimanga citayamba kumasula.

Cimene cigulitsidwa ndi cidaliro

Tsono nanga ncifukwa ninji amalonda avomera kulipira zonsezi? Yankho lake ndi lakuti mwini bwalo ali ndi cinthu cimene iwo alibe, ndico cidaliro ca ogula. Vuto la malonda a patali ndi limodzi kuyambira kale: ayambe ndani? Wogula aopa kutumiza ndalama asanaone katundu, wogulitsa aopa kutumiza katundu asanaone ndalama.

Mu 1996 eBay inayambitsa njira yoti wogula ndi wogulitsa azilemberana umboni poyera malonda akatha, kuti wobwera pambuyo aone mbiri ya munthuyo. Nyenyezi zimene muona pansi pa katundu lero zinakula kucokera pa maganizo otero. Zili m'malo mwa mbiri ija ya pacitsime. Ku China anapita patsogolo. Mu 2003 Taobao inayambitsa njira imene inadzakhala Alipay, yoti ndalama za wogula zisungidwe pakati, wogulitsa atumize katundu, ndipo alandire ndalamazo pokhapokha wogula atavomera kuti katundu wafika ali bwino. Ndi njira ya mkhalapakati imene akulu athu anaidziwa pa malonda a ng'ombe. Ndi njira imeneyi, ndiponso posalipiritsa ogulitsa poika katundu wao, Taobao inagonjetsa eBay, imene inatseka bwalo lake la ku China itagonja mu 2006.

Koma ponse pamene pali cidaliro pabwera ofuna kucigula. Amalonda ena alipira anthu kuti alembe umboni wabodza wotamanda katundu amene sanamgwirepo. Mcitidwewu unakula kotero kuti mu 2024 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa umboni wonama. Mitengo nayo inamizidwa. Mu Julayi 2025 boma la France linalipiritsa kampani ya zovala ya Shein faindi ya mayuro 40 miliyoni cifukwa colengeza kuti mitengo yatsitsidwa pamene kutsitsako sikunali koona. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwu sunakalambe.

Mphepo zimene zikuomba

Mliri wa Covid-19 unakankhira anthu ambiri ku msika watsopanowu. Bungwe la United Nations loona za malonda, UNCTAD, linapeza kuti m'maiko akuluakulu amene linawerengera, gawo la malonda a pa intaneti linakwera kucoka pa 16 kufika pa 19 pa 100 m'caka ca 2020 cokha. Ciwerengeroci citiphunzitsa ziwiri: kuti msikawu unakula mofulumira, ndiponso kuti ngakhale m'maiko olemera malonda ambiri anali kucitikabe m'masitolo a njerwa. Onena kuti misika yathu yatha afulumira pakamwa.

Mphepo yaciwiri ndi yakuti malonda alowa m'malo ocezera. Facebook inatsegula bwalo lake la malonda mu 2016, ndipo WhatsApp inatulutsa mtundu wake wa amalonda mu 2018. Ku China kunabuka mcitidwe wogulitsa pa kanema wa nthawi yomweyo: wogulitsa aima patsogolo pa foni, ayesa covala, ayankha mafunso, nauza anthu kuti zatsala zisanu zokha, ndipo oonerera agula osacoka pomwepo. TikTok inafalitsa mcitidwewu kumaiko ena. Kale munthu anali kupita kumsika atadziwa cimene afuna. Tsopano msika ndiwo umtsata pamene akupuma, numuuza cimene ayenera kufuna.

Mphepo yacitatu ndi ya katundu wocoka kufakitale kulunjika pakhomo. Shein, imene zovala zake zambiri zisokedwa m'mafakitale ang'onoang'ono a ku Guangzhou, ndi Temu, imene inayamba mu Seputembala 2022, zitumiza timaphukusi tating'ono pa ndege kucoka ku China, kulumpha wogula zambiri, woitanitsa ndi wasitolo. Mu 2024 timaphukusi totere tokwana 4.6 biliyoni tinalowa m'maiko a European Union, kutanthauza pafupifupi 12 miliyoni tsiku lililonse, ndipo 9 pa 10 tinacokera ku China. Mbali ina ya kuchipa kwake inali yakuti maiko ambiri sanali kulipiritsa msonkho pa phukusi la mtengo wocepa.

Maboma anayamba kudzuka. America, imene inali kulola phukusi losapitirira madola 800 kulowa popanda msonkho, inathetsa mwai umenewu pa katundu wa ku China mu Meyi 2025, ndipo pa katundu wa maiko onse mu Ogasiti caka comweco. South Africa inaumitsa malamulo a msonkho pa timaphukusi totere mu 2024, opanga zovala a kumeneko atadandaula. Ku Indonesia amalonda a m'misika analira kuti ogula atha, ndipo boma linaletsa kugulitsa mwacindunji pa malo ocezera, kotero kuti sitolo ya TikTok inatsekedwa mu Okutobala 2023. Inatsegulidwanso mu Disembala itagwirizana ndi Tokopedia, bwalo la m'dzikomo.

Ife a Zambia nkhani iyi tiidziwa ndi thupi lathu. M'zaka za m'ma 1990, malire atatsegulidwa ndipo salaula itasefukira, mafakitale ambiri a zovala a ku Livingstone ndi Ndola anatsekedwa. Osauka anavala bwino ndi ndalama yocepa, ndipo cimeneci cinali cabwino. Koma anchito anabwerera kunyumba, ndipo thonje la alimi a Kum'mawa linapitiriza kutuluka m'dziko lisanasanduke nsaru. Katundu wochipa ali ndi mtengo wina umene sulembedwa pa cithunzi.

Kuno kwathu

Mu Africa anthu anayesa kumanga mabwalo akuluakulu onga a kunja. Jumia inayamba ku Lagos mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 magawo ake anayamba kugulitsidwa pa msika wa masheya wa New York. Koma caka comweco inatseka malonda ake ku Cameroon ndi ku Tanzania, ndipo kumapeto kwa 2024 inacoka ku South Africa ndi ku Tunisia. Zopinga zake tizidziwa tonse. Nyumba zambiri zilibe nambala kapena dzina la mseu, kotero kuti wobweretsa katundu auzidwa kuti akhote pa mtengo wa mango kuseri kwa cigayo. Misewu iononga magalimoto. Ogula ambiri afuna kulipira katundu atafika, ndipo ena akafika amkana, kampani nitaya ndalama ya ulendo. Ku South Africa, kumene misewu ndi mabanki zili bwino, Takealot yakhazikika kuyambira 2011, ndipo Amazon inatsegula bwalo lake kumeneko mu Meyi 2024.

Kuno msika wa pa intaneti wakula m'njira yakeyake, yopanda mwini bwalo mmodzi wamkulu. Waima pa mafuwa atatu. Loyamba ndi cithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Laciwiri ndi ndalama za pafoni, zimene Kenya inachukitsa ndi M-Pesa mu 2007, ndipo kuno zinafala ndi Airtel Money ndi MTN kuyambira zaka za 2011 ndi 2012, mpaka timisasa tao tadzaza m'misewu ya boma lililonse. Lacitatu ndi basi. Phukusi likwezedwa pa Intercity mu Lusaka m'mamawa, ndipo madzulo lalandiridwa ku Nyimba, Katete kapena Chipata, pamene m'tauni anyamata a njinga zamoto alifikitsa pakhomo.

Malonda akulu koposa amene mabanja ambiri a kuno anacitapo pa intaneti ndi a galimoto. Makampani a ku Japan monga BE FORWARD, imene inayamba mu 2004, aonetsa magalimoto akale pa zithunzi, munthu asankha, alipira ku banki, ndipo galimoto ibwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, nilowa m'dziko pa Nakonde. Anthu anazolowera kutumiza ndalama zambiri cotero cifukwa anaona anansi ao akulandira magalimoto ao. Apanso cimene cinagwira nchito ndi umboni wa anthu odziwika.

Koma taonani cimene cisowa pa mafuwa athu atatu aja. Pali cithunzi, pali njira yolipirira, pali njira yotumizira, koma palibe mkhalapakati wosunga ndalama. Ndalama ya pafoni ikangotuluka ndipo wolandirayo waitapa pa kamsasa, kuibweza nkobvuta kwambiri. Mpata umenewu ndiwo akathyali alowerapo.

Kwa inu ogula

Njira zao sizisintha kwambiri. Aika cithunzi ca firiji, foni kapena feteleza pa mtengo wotsika modabwitsa, nanena kuti ofuna ndi ambiri, motero mutumize theka msanga. Mukatumiza, foni yao izima. Ena atengera dzina ndi zithunzi za kampani yeniyeni ya magalimoto, nasintha cilembo cimodzi ndi nambala ya akaunti. Ena atumiza uthenga uja umene tonse taulandirapo, wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ena aimba foni ngati anchito a kampani ya mafoni, napempha nambala yanu yacinsinsi. Wanchito weniweni safunsa nambala imeneyi, ndipo simuyenera kuipereka kwa munthu aliyense.

Cida ca onsewa ndi cimodzi, ndico kukufulumizitsani. Motero mankhwala ake ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa munthu amene simumdziwa, lipirani katundu ali m'manja mwanu. Ngati ali kutali, tumani mbale wa kumeneko akaone ndi maso. Funsani dzina la wina amene anagulako, ndipo mumuimbire. Musanatsimikize kutumiza ndalama, werengani dzina limene foni ikuonetsani, muone ngati ligwirizana ndi la wogulitsa. Sungani mauthenga onse ndi umboni wa malipiro. Pokalandira katundu, kumanani pamalo a anthu ambiri ndiponso masana.

Poitanitsa katundu wa kunja, kumbukirani kuti mtengo wa pa cithunzi si wotsiriza. Pali ndalama ya ulendo, msonkho wa kasitomu wa ZRA ndi VAT ya 16 pa 100, ndipo pa galimoto pali zolipira za padoko, za pamalire ndi za mapepala. Ambiri asiya galimoto ikugona pamalire cifukwa anawerengera mtengo wa ku Japan wokha. Ndipo covala cocokera kutali cikapanda kukukwanani, kucibweza kungadye ndalama yoposa mtengo wake.

Dziwaninso ufulu wanu. Bungwe la CCPC, loteteza ogula motsata lamulo la 2010, lilandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu woonongeka kapena wosiyana ndi amene analonjezedwa, ndipo lamulo lomwelo liletsa wamalonda kuika cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Nambala za akathyali zinenezedwe ku kampani ya mafoni, ku ZICTA ndi ku polisi. Ambiri obedwa akhala cete cifukwa ca manyazi, ndipo kukhala cete kwao ndiko kupatsa wakuba mpata wobera mnansi.

Makolo, yang'anirani cinthu cinanso. Msika wa m'foni suona ndalama ya pepala ikutuluka m'thumba, motero mtima sumva kuwawa. Pambali pake pali nkhongole za pafoni zimene munthu alandira m'mphindi ziwiri, ndipo ciongoladzanja cake cikawerengedwa pa caka cifanana ndi kaloba. Kugula cosafunika ndi ndalama yobwereka ndiko kudya mbeu. M'banja mugwirizane kuti cinthu ciliconse coposa mtengo wakutiwakuti cigone usiku umodzi cisanagulidwe, ndipo mwamuna ndi mkazi onse acidziwe.

Kwa inu ogulitsa

Musaope msika uwu. Mai wosoka amene kale anali kudikira odutsa pakhonde, lero angaonetse nchito ya manja ake kwa anthu a ku Lusaka ndi ku Migodi popanda kulipira lendi ya sitolo. Mlimi wa nsawa za Chalimbana, wa uci kapena wa nkhuku za cikaya angapeze wogula asanakolole, m'malo mogwa m'manja mwa ogula a pamseu amene aika mtengo wao. Ku China kuli midzi yathunthu imene inatukuka pogulitsa mipando ndi zovala pa Taobao. Koma phindu lifuna cerengo.

Tiyerekeze kuti mwasoka diresi la citenge nimuligulitsa K400. Nsaru inadya K150, ulusi, zipi ndi magetsi K30, mabandulo a intaneti K15, ulendo wa kusiteshoni K20, basi K50, ndipo potapa ndalama mwadulidwa K10. Zonse pamodzi ndi K275. Zatsala K125, ndipo m'menemo muli malipiro a masiku awiri a nchito yanu. Diresi limodzi pa asanu likatayika panjira, phindu la awiri mwa enawo lapita. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu Januwale 2024 boma litenga kamsonkho pa ndalama zotumizirana pafoni. Lembani zonse m'kabuku, ndipo nenani poyera kuyambira pa ciyambi amene alipire basi.

Cuma canu cacikulu pa msika uwu ndi dzina lanu. Jambulani katundu wanu weniweni, osati cithunzi cotengedwa kwina. Ngati nsapato ya salaula ili ndi kacilema, kaonetseni. Nenani muyeso woona, tsiku loona lotumizira, ndipo mukacedwa, imbani foni inu poyamba. Kuonetsa cithunzi ca cina ndi kutumiza cina ndi sikelo yonama, ndipo Mkhristu adziwa kuti kumeneko ndi kuba ndi kunama pamodzi, ngakhale wobedwayo sanamuone nkhope. Wogula mmodzi wokhutira abweretsa abale ake, ndipo mmodzi wokhumudwa auza anthu mazana ndi cala cimodzi.

Musaike mazira a malonda anu m'manja mwa bwalo limodzi. Manambala a makasitomala anu alembedwe m'buku la pepala, kuti foni ikabedwa kapena akaunti ikatsekedwa musayambirenso pansi. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, gwirizanani. Amai asanu a gulu limodzi la cilimba kapena a mphakati umodzi angathe kutumiza katundu wao m'thumba limodzi, kugawana ndalama ya basi, ndi kukhala ndi mbale mmodzi wokhulupirika ku Lusaka wolandira katundu ndi kumpereka kwa ogula atalipira. Potero adzipangira okha mkhalapakati uja amene makampani akulu agulitsa pa mtengo wokwera.

Otsala m'mbuyo

Pali anthu amene msika uwu suwafikira: agogo osadziwa kuwerenga, mlimi wa kumudzi kumene foni igwira pamwamba pa culu pokha, wamasiye amene sangakwanitse foni yojambula. Acinyamata amene mudziwa zinthu izi, thandizani makolo anu kugulitsa mbeu zao pa mtengo wabwino, ndipo ndalama yonse ifike m'manja mwao. Kudziwa foni kusasanduke njira yodyera masuku pamutu anthu amene anakulipirirani sukulu.

Ifenso ogula tili ndi mphamvu imene sitiiwerengera. Kwaca imene mupereka kwa telala wa m'komboni mwanu igula unga m'kantemba ka mnansi, nilipirira mwana wa mnansiyo sukulu. Kwaca imene mutumiza ku fakitale ya kutsidya kwa nyanja sibwerera. Sindinena kuti tisagule za kunja, pakuti pali zida, mabuku ndi zipangizo za makina zimene kuno sizipezeka, ndipo intaneti yatithandiza kuzipeza. Ndingopempha kuti musanadinize batani, mudzifunse ngati palibe wina pafupi amene apanga cinthu comweco ndi manja ake.

Msika wa m'foni udzapitiriza kukula, ndipo maina a makampani amene tachula lero ena adzazimirira, ena atsopano nadzabwera. Mafunso a wogula wanzeru ndi amene sadzasintha: wogulitsayu ndani, amdziwa ndani, ndipo zikalakwika ndidzampeza kuti? Safunsa anadya phula. Kambiranani zimenezi m'mabanja mwanu, makamaka ndi ana amene ali ndi mafoni, ndipo ngati wina wa inu anabedwapo, acenjeze anzake mosacita manyazi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Tidzakumananso mwezi wamawa pa tsamba lomwe lino.